Tirigu wa a Nayden

Lachisanu, 11 Okutobala

Madzi a pawindo sanatsike. Ndayeza ndi chala monga dzulo. Pomwepo.

Amati mzimu umayendayenda masiku makumi anayi, kutsazika malo amene munthu ankakonda, kenako n'kupita kwa Mwiniwake. N'chifukwa chake kapu ya madzi pawindo, nyali yosazima, galasi lophimbidwa ndi nsalu. Zonse ndachita monga anandiphunzitsira mayi anga. Mwezi watha. A Nayden, amuna anga, sanabwere ngakhale kudzanyowetsa milomo. Kwa Penka wa khomo loyandikana ndi langa, amuna ake atamwalira, kapu inkauma pofika m'mawa. Mwina mphaka. Koma inkauma.

Masana kunabwera Bozhidar, mkulu wa nyumba ya kanema ya Zora. Suti, mafuta onunkhira, maluwa a m'sitolo. Munthu amene anakula akupempha a Nayden kuti amulowetse ulere, lero ndi bwana wa chikondwerero cha mafilimu a ku Rasha. Chiyamba Lachiwiri. Alendo ochokera ku Moscow, mphoto, zolankhula, monga chaka chilichonse. Koma chaka chino akuti pali mphoto ya a Nayden. Nyali ya Mkuwa, ya munthu amene watumikira moyo wake wonse. "Azakhali a Tsonka, zaka makumi anayi akuyendetsa makina aja! Tauni yonseyi inaona Rasha kudzera m'manja mwawo. Anafera pamasitepe athu. Mudzalandire ndinu."

Liti? Loweruka, pa 19, tsiku lotsekera. Tsiku lomwelo la makumi anayi. Iye sanawerenge n'komwe.

Ndinamuuza. Wamasiye salowa m'nyumba ya masewero dothi la pamanda lisanaume. Ngakhale wailesi sindinatsegule chimwalirireni. Anakanda kumutu. "Chabwino, tikumvetsa. Ndiye alandira Mayi Raisa. Paja ankagwira limodzi."

Paja.

Khofi sanamalize. Kapu yake ndinatsuka kawiri. Ambuye ndichitireni chifundo, akutsika ndinamufunira zoipa pamasitepe.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi. Kuzizira, maondo. Kandulo ya a Nayden ndinaizika mumchenga wa pansi, kwa akufa, dzanja likufunabe kuikweza kwa amoyo.

Ndinalapa kwa Abambo Serafim. Za Bozhidar ndi masitepe. Za madzi. Anapumira m'mwamba, ndevu zikununkha adyo. "Mayi Tsonka, Mulungu sayeza madzi ndi chala. Zimenezo n'za agogo anu, si za Mpingo." Nanga za ku Zora? "Sindikuletsani, komanso sindikutumani. Mungodzifunsa chimene mukukatenga kumeneko, ulemu wa amuna anu kapena khosi la munthu." Wansembe wanzeru amatopetsa.

Dzina la Raisa sindinatchule. Ndikanati chiyani? Tchimo lake sindilidziwa. Langa ndiye ndikulidziwa.

Ndilembe pano, popeza pepala silipumira m'mwamba. Raisa anabwera kuno kuchokera ku Rasha ali mtsikana, atakwatiwa ndi injiniya wathu amene anakaphunzira kwawo. Injiniyayo anafa msanga. Iye sanabwerere. Mafilimu akafika opanda mawu a chilankhulo chathu, ankakwera m'kachipinda ka pamwamba kaja, kumene kuli makina, maikolofoni pakamwa, n'kumamasulira. Mawu a msilikali, iye. Mawu a gogo, iye. Mawu a mkazi wouza mwamuna kuti ndimakukonda, iye yemweyo. Mumdima. Mipando iwiri, chitseko chotseka. Mpando winawo wa a Nayden. Zaka makumi atatu.

Ine masitepe amenewo sindinakwerepo. M'holomo sindinakhalemo. Bambo anga ankaimba m'tchalitchi nthawi imene kuimba m'tchalitchi kunkachotsetsa munthu ntchito, ndipo kunawachotsetsadi. Kwathu mafilimu a ku Moscow anali a anthu amene anatichita zimenezo. Ndinauza bambo kuti ndikukwatiwa ndi mwamuna, osati ndi makina ake. Mawu anga ndinasunga. Ndimayesa ndi ukoma. Mwina linali liuma chabe.

Pageti la tchalitchi, Dafina, alamu anga. "Alamu, ndamva za kanyali kawo ka mkuwa. Mukangoponda kumeneko mutavala zakuda, tauni yonse ikutafunani mpaka Khirisimasi, ndipo woyamba kutafuna ndikhala ine. Isiyeni nkhunda yopaka milomo ija, Raisayo, ikalandire. Ikaike pamutu."

Kunena n'kosavuta. Kwa iye dzina lokatchulidwa pansanja ndi la mchimwene. Kwa ine ndi la mwamuna.

Lolemba, 14 Okutobala

Tsiku la Petka Woyera, tsiku lokondwerera dzina la Penka, poti analitengera kwa woyerayo. Kwake nyimbo, alendo, fungo la nkhuku. Ine sindingapite. Anandibweretsera mbale yekha, atapaka milomo, masaya atafiira ndi vinyo.

Ndinamuuza za mphoto. Anakhala pa mpando wa a Nayden, ndinachita kumudzutsa. "Iwe Tsonka, ukusunga mwambo kapena ukubisala? Chikhala ine, bwenzi nditapita, nditapaka kuposa iyeyo. Akufa alibe maso, amoyo ndiwo ali nawo." Penka kutchalitchi amapita kukaona zipewa. Komabe mawuwo anatsala m'nyumba iye atapita.

Ali ndi tikiti ya ku Zora ya Lachitatu. Akuti akandionera.

Penshoni ya umasiye sinayambe, akuti ndidikire. Nkhuni za dzinja sindinagule. A Nayden ankadziwa munthu wa nkhuni amene ankalipidwa ndi matikiti. Sindikudziwa ngakhale dzina lake.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Kumsika kukagula tirigu wokumbukira akufa wa Loweruka, shuga, mtedza, mphesa zouma. Ogulitsa amadziwa kuti wovala zakuda sanenerera. Njira yachidule ndi ya pa Zora. Ndikanazungulira. Sindinazungulire.

Mbendera ziwiri. Kapeti wofiira wobwereka ku holo ya maukwati, ndinamuzindikira ndi banga lija. Atsikana atavala zachikhalidwe, buledi ndi mchere m'manja, akunjenjemera ndi mphepo podikira alendo. Ndipo pamwamba pa khomo, a Nayden. Chithunzi chachikulu kuposa chitseko. Akuseka. Mano onse panja, mpaka lagolide la kumbuyo lija. Pa pepala la maliro limene ndinamata pamtengo wa pakhomo pathu ali monga ndinkawadziwira: pakamwa potseka, maso kwina. Munthu wosekayu ndani? Ankaseka ndi yani? Anajambula ndani?

Ndili chiimire ngati chitsiru, thumba m'manja, wina n'kundigwira pamkono. Raisa. Jasi yobiriwira, milomo yofiira, wamkulu kwa ine koma mayendedwe a mtsikana. Chilankhulo chathu amachiyankhulabe ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Anandipsompsona masaya onse. "Tsonka mnzanga, usadandaule, ali kuno. Dzulo tikuyesa makina mpando wawo unalira wokha, ndipo kachipinda konse kananunkha fodya wawo. Sanapite patali."

Ndinati zikomo. Zikomo! Pakamwa poleredwa bwino.

Ndiye n'chifukwa chake. Mwezi wathunthu ndikusintha madzi, ndikugona nyali ili chiyakire, ndikumvetsera chitseko ngati mkwatibwi. Eni ake ali ku ntchito. Ali moyo ankabwera kudzagona basi. Tsopano tulo sakutifunanso, abwereranji?

Nditafika ndinakhuthulira madziwo m'sinki. Kenako mantha. Ndinadzazanso, n'kugwada. Amayi a Mulungu pakhoma akungondiyang'ana. Iwonso mwana wawo sankakhala pakhomo. Ndikhululukireni, zimenezi sindinayenere kulemba.

Lachitatu, 16 Okutobala

Mvula. Sindinatuluke. Nyemba za dzulo.

Ndinakalipira mpando wawo. Mokweza. Ndinawakumbutsa Pasaka aliyense amene ndinaima ndekha pabwalo la tchalitchi, kandulo m'manja, anzanga ali ndi amuna awo. Ndinawakumbutsa tsiku limene ndinapita padera, iwo akuonetsa filimu ya nkhondo ya magawo awiri, n'kufika kuchipatala itatha yonse. Sitinadzakhalenso ndi wina.

Mpando chete. Ngati mwiniwake.

Kumenya sanandimenyepo. Mowa pang'ono. Malipiro ankabweretsa onse. Ndikadandaula ankangoti, "Tsonka, iwe uli ndi zithunzi zako zosayenda, ine ndili ndi zanga zoyenda. Tonse timapembedza mumdima, tisavutane." Ndinkati akunyoza. Mwina sankanyoza.

Penka kubwera kuchokera ku Zora, ambulera ikudontha pa kapeti wanga. Akuti anaonetsa filimu yakale pa makina akale. Woyendetsa watsopano, filimu kuduka pakati. Anthu mluzu. Wina kumbuyo n'kukuwa monga ankakuwira kale, "Nayden, dzuka!" Kenako holo yonse zii. Ena kulira. Raisa pa maikolofoni mawu kumuthera. "Ukanaona, Tsonka, amuna ako ankakondedwa."

Ndikudziwa. Aliyense anapatsidwako. Ine ndinkachapa masokosi.

Chimene ndikufuna n'chiyani? Nyali ya mkuwa ayi, ntchito yake kupukuta fumbi. Ndikufuna tsiku lomaliza. Loweruka mzimu ukunyamuka. Ngati uli ku Zora, unyamukira ku Zora, ndipo womaliza kuimirira m'dzina lawo akhala Raisa, anthu akumuwombera m'manja. Ine ndili kuno ndi kapu yanga yodzaza.

Lachinayi, 17 Okutobala

Dafina m'mamawa, osavula ndi jasi yomwe. Mwana wa mnzake amaperekera zakudya ku hotelo ya alendo. Pa phwando la dzulo, akuti mlendo wamkulu, nkhalamba ija yosewera m'mafilimu imene akazi a msinkhu wathu ankaikomokera, inagwada bondo limodzi n'kupsompsona dzanja la Raisa. Kumupepesa maliro. Monga mkazi wa malemu. "Ndipo nkhundayo, alamu, sinakane! Inangotulutsa kampango n'kumapukuta m'maso. Ndikanakhalapo ndikanaipukuta ine ndi mbale ya saladi."

Ndinaseka. Koyamba chimwalirireni.

Ndinaimbira Bozhidar. Phokoso, matambula. "Aaa, azakhali, alendo sadziwa kanthu, tinaseka tonse." Munawauza? "Tiwauza, tiwauza, pano ndili ndi ameya. Paja, mungatibwereke chipewa chawo chija, tikaike m'galasi pakhomo?" Chipewa akuchifuna, mkazi ayi.

Bodza. Anandiitana, ndinakana ndine. Pano pokha ndizilemba zoona.

Ndinamukumbutsa za kumanda Loweruka m'mawa. "Tiyesetsa, kungoti m'mawamo tikupita ndi alendo kukalawa vinyo."

Dafina potuluka anandiloza ndi ambulera. "Musachite zopusa. Mchimwene wanga anatichititsa manyazi ali moyo, inu musamalizitse."

Madzulo pemphero silinatuluke. Milomo yokha.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tsiku la tirigu. Kusankha timiyala, kutsuka, kuwiritsa mpaka njere zitang'ambika, kuyanika pansalu. Ndinaphika thumba lonse, ndi wina amene ndinakagulanso m'mawa. M'beseni lalikulu la mayi anga lija lokandira buledi wa Pasaka. Dafina akusinja mtedza: "Alamu, mukudyetsa asilikali? Kumanda tikakhala ine, inu, Penka, wansembe ndi akhwangwala." Ndinati a Nayden ankadziwika. Sanafunsenso.

Pamwamba shuga, wosalala ngati nsalu yosita. Mtanda wa sinamoni.

Lamulo lake aliyense amalidziwa. Tirigu wa akufa sabwerera kunyumba. Agawidwe yense, kwa odziwika ndi osadziwika, ndipo wopatsidwa sakana. Sathokozanso. Amalandira n'kunena kuti, Mulungu awakhululukire. Akuti aliyense akanena choncho, katundu wa mzimu amapepukako panjira.

Ambuye, Inu mumaona mumphika ndi mumtima momwe. Sindinaphike wambiri chonchi pofuna kupeputsa munthu katundu. Ndikudziwa kumene wotsala akupita. Ndakuuziranitu lero kuti mawa musadabwe. Bambo anga muwauze ndinu, ine ndikuopa.

Duku lakuda ndasita. Nsapato zakuda zikuthina.

Madzi pomwepo.

Lamulungu, 20 Okutobala

Dzulo cholembera sichinagwirike. Mikono.

Kumanda mphepo. Abambo Serafim, Dafina, Penka, achibale awiri a kumudzi, ine. A ku Zora palibe, anali ku vinyo. Raisa yekha, patali, kuseri kwa manda a eni ake, zovala zakuda koma milomo yomweyo. Dafina anamuponyera diso limodzi. Pamene tinkamaliza kusalaza dothi ndi kuthira vinyo, anali atapita. Tirigu anatsala pafupifupi yense.

Dafina akuti tikapereke ku nyumba ya okalamba. Ndinati ndikudziwa kokagawa. "Alamu, mukapita uko, pakhomo panga musadzapondenso." Ndinanyamula beseni. Lolemera ngati mwana. Penka anandigwirira mbali ina mpaka pakona, n'kukumbukira kuti wasiya mphika pamoto.

Mwambo wa mphoto unali wa madzulo, dzuwa lisanalowe. Mlonda wa pakhomo anayamba kufunsa za kakhadi koitanira. Ndinamutungira tirigu m'kakapu ka pepala. Anavula chipewa. "Mulungu awakhululukire." N'kunditsegulira zitseko zonse ziwiri.

M'kati mdima, fungo la fumbi ndi mafuta onunkhira. Ndinaima kumbuyo, mikono ikuchita dzanzi. Mphoto ya uyu, mphoto ya uyo, m'manja, m'manja. Kenako Bozhidar kutchula dzina. Magetsi onse kuzima. Ndipo pansalu paja, a Nayden, akuyenda. Wina anawajambula ali m'kachipinda kawo, akulowetsa filimu m'makina, zala zikuthamanga ngati za woluka. Kutembenuka, kukweza dzanja, kuseka kuja. Filimu yanga yoyamba, bambo anga ndikhululukireni, ndipo wosewera ndi mwamuna wanga. Wamkulu ngati nyumba. Ndinadikira kuti andione. Ankayang'ana aliyense mofanana.

Magetsi kuyaka. Raisa kuimirira pamzere wa kutsogolo. Ine kuyamba kuyenda. Nsapato zikulira. Duku lakuda, beseni, supuni. Anthu kutembenuka mzere ndi mzere, manja kusiya kuwomba. Raisa anandiona phazi lili kale pa sitepe yoyamba. Anaima. Analibweza, n'kundipatsa njira.

Pansanja Bozhidar, nkhope yoyera ngati tchizi. "Awa ndi, awa ndi mayi a kunyumba kwa malemu, Mayi Tsonka." N'kunditambasulira nyali ya mkuwa ija. Ndilandire ndi chiyani? Manja onse pabeseni. Ndinaliika pa tebulo la mphoto, pakati pa maluwa, n'kumutungira. Anayang'ana ameya, anayang'ana alendo. Wopatsidwa sakana. Nyali anaiika pansi. "Mulungu awakhululukire." Maikolofoni inali pakamwa pake, mawuwo anakafika kukhoma la kumbuyo, ndipo holo inayankha yokha monga m'tchalitchi, anthu asanaganize n'komwe.

Nkhalamba yosewera ija inafunsa chapansipansi chimene chikuchitika. Womasulira Raisa, nanga ndaninso. Chirasha changa cha kusekondale chinakwanira kumva: uyu ndiye mkazi wawo. Ananena yekha, ndi pakamwa pake pofiirapo. Nkhalambayo inafiira mpaka m'makutu. Inachita chizindikiro cha mtanda, akuti kwawonso amaphikira akufa wotere, n'kulandira ndi manja awiri, shuga pandevu. Kenako mzere. Ameya, aphunzitsi, akazi amene mawa adzanditafune, alendo a masuti. Timakapu titatha, anthu ankatchera zikhatho. Mulungu awakhululukire, Mulungu awakhululukire, m'zilankhulo ziwiri.

Ndinapambana. Zinandikoma ngati uchi, ndipo ndidzalapa zimenezo.

Raisa womaliza. Ndinamusungira dala, ndinachita kukokota pansi pa beseni. Ndinkafuna anene pamaso panga, ndione ngati mawuwo amutsamwe. Anatchera dzanja. Ananena, osatsamwa. Kenako chapansi, "Tsonka, ukuganiza zimene tauni yonse imaganiza. Zikanakhala zoona bwenzi ndili ndi choti ndizikumbukira. Nanenso sankandiyang'ana. Ankayang'ana pakawindo. Tiye ukaone."

Ndinakwera. Masitepe omwe anagwerapo. Kachipinda kochepa kuposa bafa langa. Makina awiri, mipando iwiri yosayang'anana, yonse yoloza kukhoma. Pakhomapo kawindo ngati envelopu. Pa mpando wawo tambula ya mowa wa vodika, kabuledi pamwamba, mwambo wa kwawo kwa Raisa. Buledi wouma gwa. Tambula yodzaza.

Ndinafunsa za mpando wolira ndi fodya uja. "Ndinanama. Ndimati ukamva kuti ali pafupi mtima ukhala pansi. Ine ndimayesa ali kwa iwe." Za nkhalamba ija anayamba yekha. "Undikhululukire. Palibe amene anandipepesapo maliro awa. Ndinangobwereka kamphindi."

Tinaima pamenepo, akazi awiri okalamba, aliyense ndi kapu yake yodzaza. Sitinalire. Sitinakumbatirane. Ndinasuzumira pakawindo. Pansi mitu ya anthu akuvala majasi. Kutsogolo nsalu yoyera yopanda kanthu.

Nyali ya mkuwa ndinabwera nayo m'beseni.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Nsalu ndachotsa pagalasi. Muli mayi wokalamba, sindinamupatse moni. Kapu ya pawindo ndatsuka, ili ndi zinzake.

Chithunzi cha pa Zora akuti achotsa kale. Kapeti wabwerera ku maukwati. Alendo ali kwawo.

Dafina wandidutsa pamsewu ngati ndine mtengo wa magetsi. Abambo Serafim ndinakumana nawo pogula buledi. "Ndamva munachititsa mapemphero popanda ine, Mayi Tsonka, ndipo kunali anthu ambiri kuposa amene ndimawaona pa Pasaka. Nanga munakatengako chiyani?" Ndinati nyali. Nyali yosayaka, yopanda pothira mafuta. Ili pa firiji.

Zaka makumi atatu ndinali ndi mdani wa milomo yofiira. Ndinkadzuka naye, ndinkagona naye. Mkazi mnzako ungamutukwane mumtima, ungamufunire zoipa, ungakalape, mawa n'kuyambiranso. Nanga kawindo ungakatani? Raisa wandilanda mdani wanga. Ichi ndiye sindimukhululukira msanga.

Beseni ndalitsuka lero. M'mphepete munakakamira njere zochepa, supuni imodzi. Tirigu sabwerera kunyumba, koma wabwerera. Kutaya ndi tchimo. Ndaika m'kambale, kali pamaso pangapa.

Ndiye ndakumbukira. Tauni yonse inanena. Mlonda, Bozhidar, ameya, nkhalamba ya shuga pandevu, Raisa. Dafina kumanda ananena akulira. Ine kumanda wogawa, ku Zora wogawa. Wogawa amangotunga. M'tauni muno mwatsala munthu mmodzi amene sanawapemphere chikhululukiro a Nayden.

Amati pofika lero mzimu waima kale pamaso pa Woweruza. Mwina ndachedwa. Kapena mawu amene akusowa ndi angawa, ndipo ali chiimire, akumvetsera chitseko, monga ndinkamvetserera ine.

Adikireko pang'ono nawonso.

Ayi. Ambuye, ayi, musalembe zimenezo. Supuni ili m'dzanja. Njere zauma, shuga wasanduka wachikasu. Mawu awiri okha, mwana amatha kunena. Mulungu